Kuphunzira Kugwa

Ndinalembetsa Lachiwiri, ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi,
fomu m'manja, mimba patsogolo ngati ikundilondolera njira.
Dojo ili pamwamba pa sitolo ya njinga ya a Tonomura,
masitepe khumi ndi asanu ndi anayi.
Ndinawawerenga poti mawondo anandikakamiza.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikulemba manambala
pafakitale ya nsomba kudoko la Kushiro,
kuonetsetsa kuti sikelo isaname.
Sindinagwepo pamaso pa anthu.
Ngakhale pamaliro a mkazi wanga
ndinaima nji, ngati mzati wa magetsi,
kuthokoza alendo mmodzimmodzi.

Lamba woyera anandikanika kumanga.
Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, Nagisa, dzino limodzi palibe,
kanandizunguliza lambayo kawiri, kukoka, kumanga mfundo,
kenako n'kundiweramira
ngati wachita kanthu ndine.

Ndinkayesa ndabwera kudzaphunzira kugwetsa munthu.
Aphunzitsi a Kuramochi, kamunthu kochepa, makutu ofufuma ngati bowa,
anangoti: Gona chagada.
Chibwano pachifuwa.
Menya mphasa ndi dzanja.
Phaa!
Bwereza.
Sabata yoyamba, phaa. Mwezi wathunthu, phaa.
Ana kumbaliko akuponyana ngati mitolo ya zovala zokachapa,
ine ndili pakona kuphunzira
chimene khanda limadziwa lisanayambe kuyenda.

Usiku ndinkamira mpaka m'khosi m'bafa la madzi otentha
kuwerenga mikwingwirima: chigongono, nthiti, thako lamanzere.
Mihoko anaimba foni kuchokera ku Sapporo:
Bambo, judo pamsinkhu wanuwo?
Osangodzala maluwa bwanji?
Ndinati ndiganizapo.
Lachisanu ndinakweranso masitepe aja.

Tsiku lina aphunzitsi anandigwira kolala ndi mkono wa malaya.
Mwendo wawo sindinauone.
Ndinangoona denga, getsi lalitali, kangaude ali phee pakona,
ndipo dzanja langa linali litamenya kale mphasa
ndisanalitume.
Iwo anali chigwirire mkono wanga.
Wogwetsa mnzake samutaya, anatero,
amamuperekeza mpaka pansi.
Kenaka anapita kukatseka zenera, mphepo yakunyanja inkalowa.

Mu Febuluwale msewu wakumsika unauma gwa ndi ayezi.
Ndinatuluka m'sitolo ndi mazira khumi ndi tofu,
maganizo ali pa bilu ya mafuta otenthetsera nyumba,
phazi linangopita lokha, osatsanzika.
Chibwano pachifuwa.
Phaa!

Mazira onse anasweka.
Tofu anakagwera pansi pa galimoto ya eni.
Mutu wanga unali bwinobwino, sunakhudze n'komwe pansi.
Ndinagona chagada pomwepo,
chipale chofewa chikutera m'maso mwanga pang'onopang'ono,
ndipo chija ndinachikaniza pamaliro
chinakwera chokha kuchokera m'mimba,
chotentha, chosapempha chilolezo,
kuyenderera mpaka m'makutu.
Sumie akanakhalapo akanaseka kaye
asanandipatse dzanja.
Ankaseka choncho, chogwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Mnyamata wonyamula makalata anaimitsa njinga yake yamoto:
Bambo, mwavulala?
Ndinati ayi, mwanawe,
ndimaphunzira zimenezi Lachiwiri ndi Lachisanu.
Anandiyang'ana, anayang'ana mazira,
n'kukwawa kukanditengera tofu uja.

Mpaka lero sindinagwetsepo aliyense,
kupatula kamodzi, pamene bambo wina wamkulu ngati ine
anapunthwa pa phazi lake lomwe
tonse n'kugwera limodzi, kupepesana tili pansi.
Lamba akadali woyera,
kungoti wayamba kuda m'mphepete momwe thukuta limadutsa.
Ndimamanga ndekha tsopano.
Nagisa, dzino lija linamera,
amabwerabe kudzayendera mfundo yanga,
amaipendapenda, kuikoka pang'ono,
n'kunena kuti yapendekera kumanzere.